Gitala Inakwera Phiri, Mawu Anatsala ku Boma

"Tsiku lobadwa? Kwathu kuphiri munthu amabadwa kamodzi, alamu. Akabadwa wabadwa, chotsala n'kumufunira khasu."

Anatero Petros uku akuviika buledi mu tiyi. Buledi anali wa Tionenji, tiyi wa Tionenji, mpando umene anakhalira wa Tionenji, koma wolankhula ngati mwini nyumba anali iyeyo. Anatsika ku Misuku m'mawa kudzagula matumba oikamo khofi pa Boma la Chitipa, ndipo mimba itamukumbutsa kuti ali ndi mlamu ku nyumba za anamwino, anagogoda.

"Sindikupempha ng'ombe, alamu," anatero Tionenji. "Ndikupempha mwana wanga. Lusungu abwere pa tsiku lake lobadwa adzagone kuno, ndimuphikire, ndione mmene watalikira, kenako akwere."

"Yayi. Khofi wapsa phiri lonse. Akatsika iyeyo athyola ndani? Anyani?"

"Chaka chatha munati msewu waterera. Chaka chinacho munati misozi ya maliro sinaume."

"Mapanga awiri avumbwitsa, alamu. Mwana akhale malo amodzi."

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

"Ameneyo ndi wa ng'ona. Uyu ndi wa Wallace, mkulu wanga, ndipo Wallace anamaliza zonse asanagone. Ng'ombe zinatuluka m'khola la atate athu. Amalume anu ku Thyolo analandira ndi manja awiri, mano onse ali panja. Walira mvula walira matope."

Za mano a amalumewo zinali zoona. Kwawo ku Thyolo mwana ndi wa mayi, mwamuna amangobwera ngati tambala wobwereka. Ndiye amalume, ataona alendo a kumpoto afika ndi mtengo wa ng'ombe, ankati awa ndi anthu aulemu chabe, opatsa mwachibadwa. Anagula malata, anagula njinga, anavina. Sanadziwe kuti agulitsa mdzukulu asanabadwe. Wallace atamwalira, abale ake anabwera ndi lole. Anakweza wailesi, matiresi, gitala ya malemu, ndipo pamwamba pa katunduyo anakhazika mwana.

"Ngati pali kamphatso," anatero Petros akupukuta pakamwa, "ndipatseni ine ndikamupatsa."

Tionenji anayang'ana pansi. Nsapato zimene anatumizira Lusungu pa Khirisimasi zinali pomwepo, m'mapazi a Petros, zitapondedwa kuchidendene chifukwa mapazi a mkuluyo anali ngati makasu. Anakweza maso. Foni imene anatumiza kuti azilankhula ndi mwana inali kusuzumira m'thumba la malaya.

"Nsapato zija zikumukwana?" anafunsa.

"Chomene," anayankha Petros, uku akulowetsa mapazi kunsi kwa mpando.

"Nanga gitala ya bambo ake akuimbabe?"

Petros anati gitalayo inawoloka malire kalekale, inakasanduka feteleza. Mwana wanuyo, anatero, wapanga yake ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki, akutisokosera m'mawa ndi madzulo, ngakhale nkhuku zaleka kuikira. Atatero anamaliza tiyi, anathokoza m'chiyankhulo cha kuphiri kuti ndagha, ananyamula buledi wotsala poti ulendo ndi wautali, n'kutuluka.

Nyumba inabwerera mwakale, zii. Munalowa mphepo ya ku Chitipa yokha, ija yosadziwa kuodira, inasiya fumbi patebulo n'kutulukira pawindo. Anzake a Tionenji ochokera kummwera ankabwera kuno akulira n'kuchoka akuseka, aliyense akangomva zoti wasamutsidwa ankagawa mbaula ndi zidebe ngati wapambana mpikisano. Iye akuluakulu anamufunsapo ngati akufuna kubwerera kufupi ndi kwawo, anakana. Mchemwali wake Maggie ankaimba foni kumunena kuti walodzedwa ndi nthochi za kumpoto, bwera kuno udzakwatiwenso usanakwinyike. Tionenji ankangoseka. Akaima pakhomo la chipatala kunja kukayera, mapiri a Misuku ankaoneka, ndipo ankadziuza kuti penapake pa kubiriwira kujako mwana wake akuyenda. Ku Thyolo akanayang'ana chiyani, tiyi?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa lake ataweruka anapita kumsika, kusitolo ya Safeli, munthu wopikula katundu ku Tanzania, amene ankagulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka matayala.

"Karibu, mama nesi. Lero mwabwera kudzabaya ndani?"

"Thumba langa. Ndikufuna gitala ya mnyamata."

Safeli anatsitsa ziwiri. Ina inali ya bokosi, yamimba, yokhala ndi bowo pakati, ngati ija ya malemu. Tionenji ataikhudza anabweza dzanja msanga. Inayo inali yofiira ngati khofi wakupsa, yopyapyala, yolemera, yopanda bowo, ndipo Safeli anati imeneyo ndi ya magetsi, yabwera ndi nthambo yake komanso kabokosi kokuzira mawu, kamene anyamata amati sipika.

"Mnyamatayo ali kuti?" anafunsa Safeli.

"Ku Misuku, kumtunda, kufupi ndi nkhalango ya Mughese."

"Ndiye musavutike, tengani ya bokosi. Imaimba paliponse, ngakhale pachulu. Kumene mukunenako magetsi amawaona mvula ikamang'anima."

Tionenji anafunsa kuti yofiirayo imalira bwanji popanda magetsi. Safeli anakhwekhweretsa chala pa nsambo, ndipo kanatuluka kamawu ngati udzudzu uli m'botolo. Kenako analumikiza nthambo ku sipika, n'kukhudzanso. Amayi ogulitsa tomato panja anatembenuka onse, galu amene anagona pakhonde anadzuka n'kuthawa osayang'ana m'mbuyo.

"Ndiuzeni, a Safeli. Ya bokosiyi munthu atafuna kuigulitsa kumudzi, ingagulidwe?"

"Lero lomwe. Nsima isanapse."

"Nanga yofiirayi, ili yokha, yopanda sipika ndi nthambo?"

"Agule ndani, mama? Ndi thabwa chabe. Ngakhale pamoto siingathandize, utsi wa penti."

"Ndikulungireni yofiirayo."

Safeli anamuyang'ana ngati wodwala amene wapempha jakisoni wachiwiri. Anayesa kumulangiza, anati mwana akakulirani, anati katundu akatuluka sabwerera. Tionenji anangomwetulira. Musamuone kufatsa mayi ameneyu. Munthu wa ntchito yake amadziwa kukusekerera uku singano ili kumbuyo. Anakangana za mtengo mpaka Safeli analumbira pa manda a agogo ake a ku Mbeya, amene mwina ali moyo mpaka lero, ndipo katundu anatuluka.

Kunyumba anatsekula chipinda cha Lusungu, anasesa, anachotsa akangaude amene anali atayamba kudziona ngati alendi. Sipika anaiika pakatebulo pafupi ndi polumikizira magetsi, nthambo anaikulunga bwinobwino n'kuikoloweka pamsomali. Anayala bedi. Ataima pakhomo n'kuyang'ana, anaona kuti msampha wake watcheredwa bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anadya chakudya chamadzulo mpaka kutsuka mbale ndi chala.

Tsiku lobadwa litafika anakwera njinga yamoto ya kabaza. Gitala anaibereka kumsana ndi chitenje, ndipo amayi ena panjira anafuula kufunsa kuti mwana wa khosi lalitali choteroyo bambo ake ndani. Msewu wa ku Misuku suyenda, umakwera. Pena ankatsika n'kukankha njinga, pena ankatseka maso n'kumukumbutsa Mulungu kuti ndi mayi wamasiye. Fumbi la ku Boma linatha, kunayamba kuzizira kwa chinyontho, nthochi mbali zonse, ndi khofi wofiira m'mitengo yake.

Anawapeza m'munda kuseri kwa nyumba, akuthyola. Vera, mkazi wa Petros, ndiye anayamba kumuona, n'kuitana mnyamata wina wamtali amene anali ndi dengu paphewa. Tionenji anamuyang'ana mnyamatayo kawiri. Anali atamupitirira msinkhu, ndipo pamlomo panali patayamba kuda.

"Mwaghona, amama," anatero Lusungu pomulonjera mwa kuphiri, mawu ali a bambo ake enieni.

Tionenji anali atatambasula kale manja onse awiri. Mwanayo anapereka limodzi, linalo atagwira pachigongono, moni wopatsa abusa. Anamufunsa za ulendo, Chichewa chake chikutsimphina ngati cha munthu wochiphunzira kusukulu. Tionenji anabweza dzanja lotsalalo n'kuyamba kumasula chitenje, kuti lioneke ngati linali ndi ntchito.

Gitala itatuluka, munda wonse unaima. Dengu linatsika lokha paphewa pa Lusungu, khofi n'kumwazika. Asanaikhudze, Petros anali atafika kale.

"Ndione kaye ngati ili yabwino. Ana amaononga zinthu."

Anaikoloweka pakhosi, anatambasula miyendo ngati woimba wa pa kanema, anamenya nsambo ndi zala zonse. Udzudzu uja unalira m'botolo. Anamenyanso. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, anaitembenuza kufuna poika mabatire, anauzira mpweya pakabowo ka nthambo.

"Akuberani, alamu. Mwagula yosalankhula."

"Imalankhula," anatero Tionenji. "Mawu ake ndawasiya ku Boma, m'chipinda cha Lusungu. Amafuna magetsi, nthambo ndi sipika. Mwini wake akafuna kuwamva, njira akuidziwa."

Petros sanali wopusa, anali waumbombo chabe. Anayang'ana gitala, anayang'ana mlamu wake, nkhope n'kuyamba kufanana ndi khofi.

"Ndiye mwakwera phiri lonseli kudzatchera msampha pakhomo panga?"

"Ndabwera kudzapatsa mwana chinthu chimene sichingakwane phazi lanu."

Vera anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Amayi ena aganyu anatembenukira kumitengo n'kuyamba kuthyola khofi wosapsa yemwe.

"Kwa eni kulibe mkuwe, alamu," anatero Petros. "Kuno si ku Thyolo kumene akazi amalamula atambala. Mwana uyu satsika phiri ili. Thabwa lanuli akafuna azitsamira pogona."

Anaiponya. Lusungu anaiwakha isanafike pansi, ngati mmene munthu amawakhira khanda, n'kupita nayo pansi pa nthochi kumapeto kwa munda. Tionenji anamutsatira. Mnyamatayo anakhala pamwala, anapotokola timakutu ta nsambo kamodzikamodzi, tsaya ataligunditsa pathabwa kuti amve. Kenako anayamba kuimba.

Ali chiimire, Tionenji sanamve kanthu. Anakhala pansi, sanamvebe bwino. Anasendera, anasenderanso, mpaka phewa lake linakhudza phewa la mwana wake, khutu lili pafupi ndi zala. Apo ndiye anaimva. Inali nyimbo imene Wallace ankaimba pakhonde akamudikira kuti aweruke, yopanda mawu, yongoyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosafuna kufika. Lusungu ankanunkha utsi ndi makoko a khofi. Sanasunthe kumuthawa. M'munda monse munalibe wina amene anamva nyimboyo, inali ya anthu awiri basi, ndipo Tionenji anapempha mumtima kuti isathe. Koma wakabaza analiza hutala kumsewu, akuloza nkhungu imene inali kutsika kuchokera ku Mughese.

"Ndagha, amama," anatero Lusungu, maso ali pa nsambo.

"Ukabwera ukaimve mmene imalirira. Agalu amathawa."

Mnyamatayo anaseka pang'ono, n'kuyang'ana kumene kunali Petros.

Loweruka lotsatira Tionenji anapha nkhuku, anaphika mpunga wa ku Karonga, n'kukhala pakhonde. Njinga yamoto iliyonse yodutsa inkamuimiritsa. Nkhukuyo anaidya yekha mpaka Lachiwiri, ndipo pomaliza inkamveka ngati akutafuna chitenje. Loweruka linalo anaphika nyemba, poti nyemba sizichititsa manyazi zikatsala. Ataimba foni anayankha Petros, anati mwana ali kumunda, kenako anati mawu akuduka, alo, alo, pamene mawu ankamveka bwino mpaka tambala wa kuseri kwa nyumba. Tionenji ankalowa m'chipinda muja, ankapukuta sipika imene inalibe fumbi, ankakhudza nthambo pamsomali, n'kutuluka.

Anabwera tsiku limene sanaphike kanthu. Linali Lachisanu masana, Tionenji ali pa tchuthi, akuchapa yunifolomu kuseri. Anamva odi wa mawu a malemu, ndipo sopo anagwera m'matope. Lusungu anaima pakhomo, miyendo ili mbuu, atakwera lole ya khofi. Tionenji anayang'ana kumsana kwake, anayang'ana m'manja. Gitala panalibe.

"Akulanda?"

"Ayi, ilipo. Ndimagona nayo."

Anamulowetsa, anamukhazika pa mpando, anayatsa mbaula, anaswa mazira onse amene anali m'nyumba. Ankalankhula yekha ngati wailesi, za chipinda, za bedi, za madzi osamba. Mnyamatayo ankangopotokola chipewa m'manja.

"Amama, sindigona. Adada aang'ono, a Petros, ati ndibwerere ndi lole yomweyi."

"Nanga akulola bwanji kutsika?"

Lusungu anafotokoza akuyang'ana pansi. Kutchalitchi kwawo anagula sola chaka chatha, ndi batire, ndi sipika yolalikira. Abusa ataona gitalayo anati ingathe kulira pa sipika yawo, chosowa ndi nthambo basi. Lamulungu likubwerali kudzakhala mwambo wothokoza zokolola, makwaya a mipingo yonse ya kuphiri adzasonkhana, ndipo abusa anati iye ndiye adzatsogolere. Petros atamva kuti dzina la banja litchulidwa kutsogolo, anamuuza kuti thamanga ukatenge nthamboyo.

Mazira anayamba kupserera. Tionenji sanawatembenuze.

"Ndiye wabwerera nthambo."

"Eya, amama."

"Osati ine."

Lusungu anayang'ana kukhomo.

"Ndakhala pa Boma pano ngati chitsa," anatero Tionenji. "Anzanga onse anapita. Kwathu amanditcha wolodzedwa. Ndikatumiza nsapato zimavalidwa ndi wina, ndikaimba foni amayankha wina. Ndapeza kanthu kamodzi, kamodzi kokha, koti kakubweretse pakhomo pano, ndiye ukuti ndikapereke kuti Petros akakhale kutsogolo m'tchalitchi atavala nsapato zako, akugwedeza mutu? Nthamboyo siituluka m'nyumba muno. Ukafuna kuimba, bwera ndi gitala, udzaimbire muno."

Mnyamatayo anaika chipewa pabondo. Polankhula, analankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu a Chichewa ngati wosankha nyemba.

"Kumtunda ndikati ndipite kwa amama, amati ng'ombe zinapita. Sindinazione ng'ombezo. Kuno ndikati ndiimbe, mukuti nthambo. Ndikakhala uko ndine wolakwa kwa inu, ndikabwera kuno ndine wolakwa kwa iwo. Ndikamaimba m'pamene sindikhala wolakwa kwa munthu." Anaima, chipewa chili m'manja. "Zikomo, amama. Ndikawauza abusa kuti yasowa."

Ananena kuti yasowa, osati amama akana. Tionenji anamva bodza laling'onolo, lomutchinjiriza iyeyo, ndipo linamupweteka kuposa mwano wonse wa Petros. Mwana ameneyu anali ataphunzira kale kubisa zolakwa za akuluakulu, ndipo lero anayamba kubisa za mayi ake.

Analowa m'chipinda. Nthambo inali pamsomali, yakuda, yokulungidwa bwino ngati chingwe cha mbuzi. Anaiyang'ana, n'kuichotsa.

"Khala pansi udye kaye," anatero akuiika patebulo. "Mazira apserera, koma bambo ako ankadya omwewa osadandaula, ndipo sanafe ndi mazira."

Lusungu anadya ngati dzombe. Nthambo anaiika m'kati mwa malaya, pamimba, n'kumanga mabatani onse. Atasamba m'manja anasuzumira m'chipinda muja. Anaona bedi loyalidwa, anaona sipika pakatebulo, analowa n'kugwada patsogolo pake. Anaisisita pamwamba, anapotokola timabatani take, anadina poyatsira. Palibe chinachitika. Magetsi, amene Tionenji anawadalira kuti amubweretsere mwana, anali atathima kuyambira m'mawa, monga mwa khalidwe lawo.

"Ngakhale ukanabwera nayo gitalayo, sikanalira," anatero Tionenji, ndipo onse awiri anaseka, kuseka kwakufupi.

Lole inaliza hutala kumsewu. Anamuperekeza mpaka pampanda. Ankadikira kuti mwina anena kuti amama, Lamulungu mubwere mudzamve. Anayenda naye pang'onopang'ono kuti mawuwo apeze mpata. Sanabwere. Mnyamatayo anapereka dzanja, linalo pachigongono, anayenda masitepe angapo, kenako anatembenuka.

"Sipika ya kutchalitchi ija ili ndi chimfine, imalira ngati bakha. Iyi ndi yabwino." Anakanda kumutu. "Musapatse munthu."

"Ndimupatse ndani? Ndili ndi anthu angati?"

Anathamanga, dzanja lili pamimba kugwira nthambo, n'kukwera pamwamba pa matumba opanda kanthu. Lole inanyamuka, fumbi linatseka msewu, mphepo inalitenga n'kulibweretsa pa yunifolomu yochapa ija.

Tionenji anatsuka mbale imodzi ndi kapu imodzi, koma lero sizinali zake. Dzuwa litapendeka magetsi anabwera osaodira. Ali kukhitchini anamva kamawu kachilendo m'nyumba, n'kupita kukaona. Sipika ija Lusungu anaisiya yoyatsa. Kanyali kake kofiira kanali kuyaka, ndipo inkang'ung'udza yokha pansipansi, mmmm, ngati munthu amene wakonza kukhosi kuti ayambe nyimbo koma akudikira mnzake.

Anatambasula dzanja kuti aizimitse. Kenako anakhala pabedi loyalidwa lija, anavula mpango, n'kuisiya ilire.